Makompyuta Ovala Nsalu

Chaka changa chomaliza ku koleji ya uphunzitsi, tisanatumizidwe kumasukulu kukayeserera ntchito, a Lekichala athu a phunziro la zipangizo zamakono anatisonkhanitsa tonse mu holo. Anali bambo wamtali, wa jekete labulawuni lomwe sankalivula ngakhale kunja kutenthe bwanji. Anatsegula kope lawo lachikuto chong'ambika, mapepala ake atafiira ndi ukalamba, n'kuyamba kutiwerengera.

"Lembani. Mphunzitsi wamakono salembetsa ana manotsi. Mpumiro. Mzere wina."

Tinalemba, tonse mazana awiri, mpaka masamba anayi onena za kuipa kolembetsa ana manotsi. Zala zitayamba kuwawa, iwo anatseka kope lija n'kutiuza ntchito yathu. Aliyense atsegule bulogu, ndiye kuti tsamba lakelake pa intaneti, ndipo Lachisanu lililonse azilembapo momwe wagwiritsira ntchito zipangizo zamakono m'kalasi sabata imeneyo. Malikisi onse a phunzirolo achokera pamenepo.

Mnzathu wina kumbuyo anakweza dzanja. "Nanga bwana, sukuluyo ikakhala kuti ilibe zipangizozo?"

"Limenelo ndi funso la mphunzitsi wachikale," anayankha a Lekichala, n'kutuluka.

Tinadzamva pambuyo pake kuti iwowo sankawerenga mabuloguwo pa kompyuta. Mlembi wa mu ofesi yawo ankawasindikizira pa pepala, iwo n'kuchonga ndi cholembera chofiira, kenako mlembi yemweyo n'kutaipa malikisi ndi ndemanga zawo pansi pa nkhani ya aliyense.

Ine ananditumiza ku sukulu ina ya kumapeto kwa tauni, kuseri kwa malo ocheka matabwa, moti pophunzitsa tinkapikisana ndi kulira kwa makina. Ndinkakhala kwa achemwali anga, omwe ndi telala, ndipo ndi iwo anandipatsa foni yawo yakale yagalasi losweka pakona kuti ndizilembera buloguyo. Anandipatsa kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu kudza atatu, phunziro la Jogalafe. Wondiyang'anira anali mayi wina wachikulire amene anali ataphunzitsa zaka makumi atatu. Aliyense ankawatchula kuti Mayi Choko, chifukwa manja awo sankasiyana ndi ufa woyera, ndipo akakugwira paphewa chizindikiro chake umachiyenda nacho tsiku lonse.

Tsiku loyamba lomwelo ndinaona chitseko chachitsulo chobiriwira kumapeto kwa khonde, pamwamba pake atalembapo ndi penti kuti Chipinda cha Makompyuta. Ndinasuzumira pawindo, pakati pa zitsulo. Munali madesiki atatu aatali, ndipo pamwamba pake panali zinthu makumi awiri ndi zinayi zitafoleredwa nsalu zobiriwira zokhala ndi lesi m'mphepete, zitandandalikidwa ngati anthu akudikira mapemphero. Ndinati ine ndiye ndagwera m'mwayi.

Makiyi ake ankasunga ndi wachiwiri kwa ahedi. Bambo ameneyu dzina lake lenileni linali litaiwalika, onse ankangoti a Makiyi, poti mtolo wa makiyi unkalendewera pa lamba wawo, ndipo unkayamba kuwamva usanawaone.

"Bambo, ndimapempha kiyi wa chipinda cha makompyuta," ndinatero m'mawa wa tsiku lachiwiri.

"Mukufuna mukatengemo chiyani?"

"Ayi, ndikufuna ndikaphunzitsiremo ana."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ana? M'chipinda cha makompyuta? Madamu, zinthu zija ndi zapamwamba. Bungwe lina linatipatsa zaka zinayi zapitazo, ndipo mpaka lero palibe ngakhale imodzi yomwe yawonongeka. Mukudziwa chifukwa chake?"

"Ayi, bambo."

"Chisamaliro," anatero, uku akusisita makiyi aja.

Ndinapita kwa ahedi. Iwo anandilandira bwino, bambo wonenepa wokonda kuseka, n'kundiuza kuti ndilembe kalata yoti komiti ya makompyuta ikambirane. Ndinalemba. Nditafunsa kuti komitiyo ikumana liti, anati mu komitimo muli anthu atatu: iwowo, a Makiyi, ndi mphunzitsi wina amene anasamutsidwa zaka ziwiri zapitazo. Malamulo ake ankati singakumane popanda onse atatu.

Nkhaniyo itamveka mu stafurumu, aphunzitsi anaseka mpaka ena kutsamwa tiyi. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linakhala a Zamakono. Mayi Choko okha sanaseke kwambiri. Anangonditambasulira bokosi la choko n'kunena kuti, "Mwanawe, tenga ziwiri. Imodzi imathyoka."

Lachisanu loyamba, ana ataweruka, ndinakhala pa mpando wa pafupi ndi windo la stafurumu, poti ndi pokhapo pomwe netiweki inkagwira, n'kulemba zoona zokhazokha. Ndinati makompyuta alipo koma ndi okhomeredwa, ana ndi ambiri, mabuku ndi asanu ndi anayi, ndipo chipangizo chomwe ndagwiritsa ntchito sabata yonse ndi dasitala. Lachiwiri lake yankho linabwera. Malikisi atatu pa khumi. Pansi pake panali mawu akuti: "Uku ndi kudandaula, si kusinkhasinkha. Mphunzitsi wamakono amaona mwayi pamene ena akuona mavuto."

Ndinagwa mphwayi. Kulephera phunziro limeneli kunkatanthauza kubwereza chaka, ndipo achemwali anali atauza kale makasitomala awo onse kuti mng'ono wawo ndi mphunzitsi.

Sabata yachiwiri ndinkaphunzitsa za usana ndi usiku. Ndinabwereka mpira kwa mphunzitsi wa masewera, tinatseka mawindo ndi makatoni, ndipo ndinayatsa tochi ya foni yanga kuti ikhale dzuwa. Mtsikana mmodzi ananyamula mpira n'kumauzunguza pang'onopang'ono, titamatapo kapepala kosonyeza pomwe tili ife. Kalasi yonse inali zii. Kapepala kaja katalowa mumthunzi, wina anafuula kuti, "Kwada!" Katatulukira mbali inayo, onse anakuwa kuti, "Kwacha!" Ndinamva kukoma mumtima. Nthawi yomweyo foni inayamba kulira, achemwali akufuna kundituma ulusi pobwerera.

"Madamu, dzuwa likuitana," anatero mwana wina wa kutsogolo, ndipo kalasi inagwa ndi phwete.

Pa bulogu sindinatchule mpira kapena makatoni. Ndinalemba kuti ndinagwiritsa ntchito chipangizo chamakono cha m'manja chotulutsa kuwala pothandiza ophunzira kudzionera okha kayendedwe ka dziko lapansi. Silinali bodza, chinali choonadi chovala suti. Ndinapeza asanu ndi awiri pa khumi, ndi ndemanga yakuti: "Mwayamba kuona. Koma bwanji simukugwiritsa ntchito makompyuta omwe munatchula aja?"

Sabata yachitatu inali ya mapiri ophulika. Ndinajambula phiri pa bolodi, ana n'kunena kuti likuoneka ngati chipewa chomwe chikupsa. Lachisanu ndinakhala pa windo paja nthawi yaitali, foni ili m'manja, makina a matabwa akulira. Kenako chala changa chinalemba chokha kuti: "Lachitatu ndinatengera ophunzira anga ku chipinda cha makompyuta." Nditangolemba mzere umenewo, ina yonse inabwera mosavuta ngati madzi a pa mpopi. Ana anakhala awiriawiri, anaonera phiri likulavula moto, anafunsa mafunso anzeru, belu litalira anakana kutuluka.

Asanu ndi anayi pa khumi.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi masukulu awiri. Ina ndinkapitako m'mawa ndi nsapato zafumbi, ina ndinkaimanga Lachisanu masana ndi chala chimodzi. Ku sukulu ya pa buloguyo zinthu zinkayenda. Ana anaphunzira kujambula mapu pa kompyuta. Analemberana makalata ndi anzawo a kutsidya la nyanja. Ndinapanganso mtsikana wamanyazi amene sankayankhula m'kalasi, koma atangogwira kiyibodi anamasuka mpaka kukhala mtsogoleri wa gulu. Ndinamukonda mtsikana ameneyu, moti nthawi zina ndinkamufunafuna ndi maso m'kalasi yeniyeni. Za zithunzi ndinalemba kuti sindikuikapo pofuna kuteteza ana. A Lekichala anayamikiranso zimenezo, ati ndi khalidwe la mphunzitsi wokhwima.

Buloguyo inkaonetsa kuti owerenga ndi atatu: ine, mlembi wa a Lekichala, ndi achemwali. Loweruka lina m'mawa ndikuwathandiza kusita madiresi a makasitomala, iwo anaimitsa makina osokera n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe, sukulu imene umalemba ija ndi yomweyi umapita m'mawayi?"

"Ndi yomweyo, achemwali."

"Nanga bwanji umabwera kuno tsitsi lili mbuu ngati wagwera mu thumba la simenti? Makompyutawo amatulutsa fumbi?"

"Ndi kalembedwe chabe. Aliyense akuchita zomwezo."

"Ine ndikasoka diresi yopanda msana, sindinganene kuti ndi kasokedwe," anatero, n'kupondanso makina awo. "Walira mvula, usadzadabwe ndi matope."

Matopewo anafika Lolemba la sabata yachisanu ndi chiwiri. Ahedi ananditumizira uthenga ndili m'kalasi kuti ndipite ku ofesi msangamsanga. Ndinapeza a Makiyi ataima pakona, nkhope ili gwa, ndipo pa tebulo panali kalata yachidindo ndi mulu wa mapepala omwe ndinawazindikira ndisanakhale n'komwe pansi. Inali bulogu yanga yonse, yosindikizidwa.

A Lekichala anali atasangalala kwambiri ndi ntchito yanga moti anaitumiza ku bungwe lomwe linapereka makompyuta lija, monga umboni wakuti koleji ikutulutsa aphunzitsi amakono. A bungwe nawo anasangalala kwambiri, poti pa masukulu onse omwe anawathandiza, iyi inali nkhani yabwino yoyamba kuimva. Kalatayo inkati abwera Lachisanu lomwelo nthawi ya naini koloko, ndi wojambula zithunzi, kudzaonera phunziro langa.

"Bwana," ndinatero, "ndikupepesa. Zonsezo ndinangopeka. Ana sanalowemo ngakhale kamodzi."

"Ndiye mukuuza ndani?" anatero a Makiyi. "Kiyi ali apayu."

Ahedi anali akuwerengabe, chala chikuyenda pansi pa mizere. "Apa mwalemba kuti mphunzitsi wamkulu wa pa sukuluyi ndi munthu wamasomphenya, amene amalimbikitsa aphunzitsi achinyamata." Anakweza mutu. "Ndiye musanene kuti zonse ndi zopeka."

"Ndikhoza kuwalembera kalata, bwana, kuwauza chilungamo."

"Kuti amve kuti makompyuta awo akhala zaka zinayi atavala nsalu? Madamu, mukufuna mutiphe tonse? Tamverani. Bodza likakhala pakamwa ndi bodza. Likafika pa kalata yachidindo ngati iyi, imeneyo ndi pulogalamu. A Makiyi, katseguleni chipinda."

"Komiti sinakumane, bwana."

"Yakumana pompano."

Tinapita atatu kumapeto kwa khonde, aphunzitsi ena akusuzumira m'makalasi. A Makiyi anayesa kiyi woyamba, wachiwiri, mpaka wa khumi ndi chimodzi. Wolondola atapezeka, anakana kutembenuka chifukwa loko anali atachita dzimbiri. Pamapeto pake mlonda anabwera ndi hamala. Kumenya kulikonse a Makiyi ankatsinzina ngati akumenyedwa ndi iwowo.

Fungo lomwe linatuluka m'menemo linatibweza m'mbuyo. Nsalu zija zinali zitasanduka zotuwa. Pakona mavu anali atamanga nyumba yansanjika. Titavundukula nsalu, tinapeza kuti makoswe anali atatsegula sukulu yawoyawo: zingwe zambiri zinali zodukaduka, ndipo mu bokosi la kompyuta ina munali chisa chofunda bwino cha mapepala a malangizo. Mphunzitsi wa sayansi, amene ahedi anamuuza kuti asiye makalasi ake adzandithandize, ananyamula mausi imodzi yopanda chingwe n'kuiyang'anitsitsa.

"Mbewa zenizeni zadya michira ya mbewa zapulasitiki," anatero. "Ufiti wa pachibale."

Chipinda chonsecho chinali ndi masoketi awiri okha. Intaneti inali isanalumikizidwepo chiyambire. Masiku awiri tinasesa, kukolopa, kupukuta, ndi kusinthanitsa zingwe, kuchotsa chamoyo apa kukaika apo. A Sayansi anabweretsa chingwe chamagetsi chachitali cha kunyumba kwawo, akazi awo akudandaula kuti awazimitsira filiji. Pofika Lachiwiri masana, makompyuta asanu anayaka. Onse asanu anafunsa nambala yachinsinsi. Tinaimbira mphunzitsi anasamutsidwa uja, ndipo iye ataseka mokwanira anatiuza kuti titembenuze kiyibodi iliyonse, nambalayo anailemba pansi pake ndi penti.

Mu kompyuta yachitatu ndinapeza kuti a bungwe anaikamo kale mabuku ambirimbiri, mapu, ndi timakanema tophunzitsira tosafuna intaneti. Ndinatsegula kamodzi mongoyesa. Phiri lakuda linang'ambika pamwamba, moto wofiira n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono ngati phala, kukumeza mitengo. Ndinakhala pansi, tsache lili m'manja. Zomwe ndinanama zija zinalimo ndithu, zaka zinayi, kuseri kwa chitseko chomwe ana anga ankadutsapo tsiku lililonse. Mkwiyo unandigwira, koma sindinadziwe woti ndimukwiyire, poti nanenso ndinali nditapeza njira yanga yokhalira bwino ndi chitseko chokhomacho.

Lachitatu ahedi anabwera m'kalasi kudzasankha ana makumi awiri ndi anayi. Sanafunse amene amakhoza. Anayang'ana amene ali ndi yunifolomu yokwanira ndi nsapato zakuda. Otsalawo anauzidwa kuti Lachisanu akakhale ku bwalo la mpira kuseri kwa zimbudzi, osayandikira khonde. Mtsikana ananyamula mpira tsiku la dzuwa uja anatsala chifukwa nsapato zake zinali zabulawuni. Ndinayesa kumuyankhulira, koma ahedi anati zithunzi sizimva Jogalafe.

Tinawaphunzitsa kukhala mowongoka, kuika zala pa kiyibodi, ndi kugwedeza mutu ngati akuwerenga chinthu chozama, makamaka khumi ndi asanu ndi anayi omwe makompyuta awo anali akufa. Ahedi anawapatsanso yankho la funso lililonse: "Makompyuta atitsegulira dziko lonse." Analibwereza mpaka ocheka matabwa analiloweza.

Lachisanu ana anakhala m'malo mwawo nthawi ya hafu eyiti. Naini koloko inakwana. Teni. Leveni. Alendo anafika dzuwa lili paliwombo, pa galimoto yoyera yaitali, ndipo anatsika atatu: mayi wa bungwe wovala suti yotuwa, wojambula zithunzi, ndi a Lekichala mu jekete lawo lija. Tinayamba ndi zoyankhula pakhonde. Ahedi anayankhula za masomphenya awo. A Makiyi anayankhula za chisamaliro. A Lekichala anatsegula kope lawo n'kuwerenga mphindi makumi anayi, kutsindika kuti masiku ano mwana ndiye ayenera kuyankhula kwambiri kuposa mphunzitsi. Atamaliza, mayi wa bungwe anayang'ana wotchi n'kunena kuti atsala ndi mphindi khumi, akuyembekezeka ku sukulu ina.

Ndinaima kutsogolo n'kuyamba. "Ana inu, lero tiona momwe phiri limaphulikira." Makompyuta asanu aja anali akuwala bwino. Ndinali nditawaika kutsogolo kuti alendo aziona amenewo.

"Pepani, madamu," anatero wojambula uja. "Kuwala kwa masikirini kukuwononga nkhope za ana. Tazimitsani kaye."

Ndinazimitsa onse asanu. Tsopano chipinda chonse chinafanana, amoyo ndi akufa omwe. Wojambulayo anagwada kuseri kwa makompyuta n'kumajambula nkhope za ana akumwetulira magalasi akuda. Anandiuza kuti ndiwerame pambali pa mwana mmodzi, ndiloze pa sikirini, ndiseke pang'ono. Ndinaloza chithunzithunzi cha nkhope yanga yomwe, n'kuseka pang'ono.

Mayi wa bungwe anafunsa mnyamata wa kutsogolo chomwe amakonda pa makompyuta.

"Makompyuta atitsegulira dziko lonse."

Anafunsa wachiwiri kuti phunziro lomwe linamusangalatsa ndi liti.

"Makompyuta atitsegulira dziko lonse."

Kenako anapita kumbuyo, kwa mtsikana wina wamfupi amene tinamuika kumeneko chifukwa sankamva zouzidwa. "Nanga iwe, mwana wanga, unayamba liti kugwiritsa ntchito kompyuta?"

Mtsikanayo anaganiza kaye, n'kuwerenga pa zala. "Dzana. Koma yangayi siyaka."

Makiyi a a Makiyi analira okha. Ahedi anaseka mokweza kwambiri n'kunena kuti ana a masiku ano ndi anthabwala. A Lekichala sanamve chilichonse, anali akufufuza tsamba lina mu kope lawo. Mayi uja analemba kenakake m'kabuku kake, n'kuthokoza aliyense.

Akupita ku galimoto, ndinawathamangira. Ndinali nditatopa ndi bodzalo. "Mayi, ndikufuna ndikuuzeni zoona. Zomwe ndinalemba pa bulogu zija..."

Anandigwira pamkono n'kundikokera pambali pang'ono. "Mwana wanga, sukulu iyi ndi ya khumi ndi chinayi kuiyendera chaka chino. Fungo la chipinda chomwe chakolopedwa dzulo ndimalidziwa. Kwina ndinapeza makompyuta akadali m'makatoni, ahedi akuikapo maluwa. Inu mwayatsa angati?"

"Asanu."

"Asanu!" Maso awo anawala zenizeni. "Ndiye muli patsogolo. Nanenso ndili ndi lipoti loti ndilembe, ndipo omwe amaliwerenga safuna kumva za makoswe. Inu pitirizani kulemba. Koma asanuwo asazimenso." Analowa m'galimoto, fumbi n'kutsala.

Lolemba m'mawa ndinamva makiyi akulira kumapeto kwa khonde. A Makiyi anali atabwera ndi loko watsopano wamkulu ngati chibakera, ndipo mlonda anali atanyamula nsalu zija, zochapidwa ndi kusitidwa. Apo ndi pomwe Mayi Choko anatulukira mu stafurumu, kapu ya tiyi ili m'manja, akuyenda mosafulumira. Ahedi nawo anali akudutsa.

"Bwana," anatero Mayi Choko, "ndinamva mayi wa bungwe uja akuuza mwanayu kuti azilembabe sabata iliyonse, ndipo iwo aziwerenga okha ku likulu kwawo. Kaya Lachisanu likubwerali alemba zotani, poti chitseko chikukhomedwa. Mwina alemba za loko. Ndi wokongola, ayenera chithunzi."

Ahedi anaima. Anayang'ana loko, anayang'ana ine, anayang'ana foni yomwe inali m'dzanja langa.

"A Makiyi, mpatseni madamuyu kiyi mmodzi."

"Bwana, komiti..."

"Mayi Choko alowa m'malo mwa anasamuka aja. Tavota awiri."

A Makiyi anatenga nthawi yaitali kuchotsa kiyiyo pa mtolo, ngati akuzula dzino lawo lomwe. Titatsala awiri, ndinafunsa Mayi Choko ngati anamvadi mayi uja akunena kuti aziwerenga okha.

"Ndinali kutali, mwanawe. Makutu anga ndi akale," anatero, n'kupsontha tiyi.

Phunziro loyamba lenileni silinafanane ndi la pa bulogu ngakhale pang'ono. Ana makumi asanu ndi atatu kudza atatu, makompyuta asanu. Ndinawagawa m'magulu, ena kudikira pakhonde ndi Mayi Choko akulemba ntchito, ena kulowa. Ankakankhana, kupondana, mmodzi analira chifukwa mnzake anamulanda mausi. Mphindi makumi awiri zinathera pophunzira kudina kawiri mofulumira, poti ena ankadina kamodzi n'kudikira, ena ankamenya ngati akupha nsikidzi. Wina anapunthwa pa chingwe cha a Sayansi, onse asanu n'kuzima. Phiri lophulika tinalifika sabata yachiwiri. Litayamba kulavula moto, ana awiri anathawira pakhomo, ndipo mtsikana wa nsapato zabulawuni uja anafunsa ngati wojambula kanemayo anapulumuka. Tinakambirana zimenezo mpaka belu, ndipo mawa lake anabwera ndi mafunso ena atatu atawalemba pa chikuto cha kope.

Ndinalemba zonsezo monga zinachitikira, kulira ndi kupunthwa komwe. A Lekichala anandipatsa asanu pa khumi. Ati ndabwerera m'mbuyo, ana omwe ankalemberana makalata ndi anzawo a kutsidya la nyanja sangalephere kudina mausi, ndiye kuti ndasiya kukonzekera bwino. Masabata atatu otsalawo ndinapitiriza kupeza asanu. Powonkhetsa ndi asanu ndi anayi a nthawi ya bodza aja, ndinakhoza phunzirolo mosavuta.

Ndinachoka pa sukulupo teremu itatha. Kiyi ndinasiyira Mayi Choko, amene anamumangirira pa chingwe n'kumuvala m'khosi kuti a Makiyi asamuone ali yekhayekha. A Sayansi anali atadzutsa kompyuta yachisanu ndi chimodzi. Chithunzi changa ndikuloza sikirini yozima chinatuluka pa chikuto cha lipoti la bungwe, ndipo achemwali anachipachika mu shopu yawo pamwamba pa makina osokera. Makasitomala akafunsa, iwo amati, "Ndi mng'ono wanga, mphunzitsi. Musamufunse chomwe akuloza."

Chaka chotsatira, nditayamba kale ntchito pa sukulu ina, ndinalandira foni masana ena ndikuchonga makope. Anali mtsikana wa ku koleji kwathu kuja, wa chaka chomaliza. Anati a Lekichala amawawerengera nkhani zanga m'kalasi, zija za sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi, ndipo onse amazilemba m'makope monga chitsanzo. Iye anali atapempha yekha kuti amutumize ku sukulu imeneyo, ndipo anamulola.

"Ndikufuna ndikakumane ndi mtsikana wamanyazi uja," anatero mosangalala. "Akadali pomwepo?"

Ndinaika cholembera pansi. Ndinamuuza kuti apeze pokhala, nkhaniyo ndi yaitali. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa malikisi atatu aja mpaka pa loko watsopano.

"Ndiye ine ndizikalemba chiyani?" anafunsa, mawu atatsika.

Ndinamuuza kuti zimenezo akaona yekha Lachisanu likafika, sindingamusankhire. Koma akakafika akayambe wapereka moni kwa Mayi Choko asanapite ku ofesi iliyonse, ndipo ngati kwawo kuli chingwe chamagetsi chachitali, achitenge, chifukwa akazi a a Sayansi anali atayamba kufunsa chawo.